Mwana Akagwidwa ndi Mantha Opitirira: Momwe Mungamukwezere Makwerero Pang'onopang'ono

Lolemba lililonse kukangocha, mwana wa mkulu wanga ankayamba kubuula m'mimba. Anali ndi zaka 9, ali giredi 4 pa sukulu ina kuno ku Chipata. Madzi osamba afunditsidwa, yunifolomu yasitidwa, phala lili m'mbale, koma iye wadzipinda pamphasa, manja ali pamimba, thukuta lili kamukamu. Loweruka ndi Lamlungu ankadzuka bwinobwino n'kumasewera phada ndi anzake mpaka dzuwa kulowa. Ku kiliniki anamuyeza malungo kawiri, sanapezeke. Anamwa mankhwala a njoka za m'mimba, palibe chinasintha. Atate ake anathyola mkwapulo, akuti ndi ulesi. Ambuya ake anati msiyeni mwana apume, sukulu sithawa. Mnansi wina anatinong'oneza kuti tikaombeze.

Panali chinthu chimodzi chimene tonse sitinachiganizire. Miyezi itatu m'mbuyomo amake anakomoka kumsika mwana ali m'kalasi, n'kugonekedwa m'chipatala milungu iwiri. Mwana poweruka anapeza chitseko chokhoma, aneba akunong'onezana. Kuyambira tsiku limenelo m'mutu mwake munakhazikika ganizo lakuti akangochoka pakhomo, amake afa.

Ine ndine mphunzitsi wa ku pulayimale. Zimene ndilembe pano ndi zimene tinachita m'banja mwathu motsogozedwa ndi mlangizi wa kuchipatala, komanso zimene ndakhala ndikuchita ndi ana ena m'kalasi mwanga. Njirayi pachingerezi amaitcha cognitive behavioural therapy, mwachidule CBT. Yathunthu imaperekedwa ndi munthu amene anaiphunzira, koma mbali yaikulu ya ntchito yake imachitikira pakhomo, m'manja mwa makolo.

Mafuwa atatu

Mphika umakhala pa mafuwa atatu. Nkhawa nayonso imakhala pa zinthu zitatu: zimene mwana akuganiza, zimene thupi lake likumva, ndi zimene akuchita. Ganizo likuti "amayi afa". Thupi likuyankha ndi mtima wogunda thithithi ndi m'mimba mopota. Chochita n'kukana sukulu. Akatsala pakhomo mtima umakhala pansi nthawi yomweyo, ndipo pamenepo m'pamene pali msampha, chifukwa mwana amaphunzira kuti amayi apulumuka chifukwa iye sanachoke. Mawa lake mantha amabwera atanenepa. CBT imagwedeza mafuwa onse atatu, koma fuwa limene limagwetsa mphika msanga ndi lachitatu lija, la kuthawa.

Nzeruyi si yadzulo. Mu 1924 mayi wina wa ku America, Mary Cover Jones, anathandiza kamnyamata kotchedwa Peter kamene kankaopa kalulu. Ankabweretsa kalulu m'khola patali mwana akudya chakudya chimene ankachikonda, tsiku lina n'kumusendeza pafupi, mpaka mwana anafika pomugwira ndi manja. M'zaka za m'ma 1950 dokotala Joseph Wolpe wa ku Johannesburg anakonza njira yondandalika zoopsa kuyambira chaching'ono kukafika chachikulu. M'ma 1960 Aaron Beck ku Philadelphia anaonetsa kuti maganizo amene amangotulukira okha m'mutu angathe kufunsidwa ngati ali oona. Pambuyo pake Philip Kendall anazilumikiza zonsezi kukhala maphunziro a ana a zaka 7 mpaka 13, okumana ndi mlangizi maulendo 16.

Kodi zimagwira ntchito? Mu 2008 ku America anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa ana 488 a zaka 7 mpaka 17. Patapita milungu 12, mwa ana 100 aliwonse amene analandira CBT yokha, pafupifupi 60 anapeza bwino kwambiri. Amene anamwa mankhwala a sertraline okha anali 55, amene analandira zonse ziwiri 81, pamene amene anapatsidwa mapiritsi opanda mankhwala anali 24. Ndipo musaganize kuti ndi za kunja kokha. Ku Lusaka anayesa mtundu wina wa CBT pa ana 257 amene anakumana ndi zoopsa m'moyo, operekawo ali alangizi wamba a m'makomboni amene anangophunzitsidwa. Zotsatira zake za mu 2015 zinaonetsa kuti zizindikiro za kuzunzika m'maganizo zinatsika ndi pafupifupi 82 peresenti, pamene kwa ana amene analandira chithandizo cha masiku onse zinatsika ndi 21 peresenti.

Choyamba: tsimikizani kuti palibe matenda kapena choopsa chenicheni

Musadumphe apa. Mwana wodandaula m'mimba, mutu kapena chizungulire apite kaye ku kiliniki. Malungo, kuchepa kwa magazi, njoka za m'mimba, mphumu ndi khunyu zonse zingathe kuoneka ngati nkhawa. Ndipo ngakhale atapezeka kuti alibe matenda, dziwani kuti kupweteka kuja sakunamizira. M'mimba mumapotadi munthu akachita nthumanzi.

Kenako funsani mofatsa, muli awiriwiri, mwina mukutongola chimanga kapena mukuyenda kupita kuchigayo, chifukwa mwana amalankhula bwino pamene simukumuyang'ana m'maso. Kodi pali amene amamulanda chakudya pa buleki? Pali amene amamudikirira panjira? Pali mphunzitsi amene amamenya kapena kumuchititsa manyazi? Pali wamkulu amene amamugwira malo osayenera? Mwana amene akuopa munthu womuzunza akuopa zoona, ndipo kumuphunzitsa kulimba mtima kuti abwerere kwa munthu ameneyo ndi kumulakwira koopsa. Zikakhala choncho imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena pitani ku Victim Support Unit ya apolisi.

Kumbukiraninso kuti mantha ena ndi a msinkhu chabe. Khanda la miyezi 8 limalira likanyamulidwa ndi mlendo. Wa zaka zinayi amaopa mdima ndi mabingu. Mwana amene anaona gule ku Mkaika pa Kulamba angathe kulota zoopsa masiku angapo. Izi zimatha zokha. Nkhawa imakhala matenda ikakhalitsa milungu yambiri, ikakula kuposa chinthu choopedwacho, ndipo ikayamba kumulanda mwana sukulu, tulo, chakudya kapena anzake. Bungwe la World Health Organization linawerengera kuti mu 2019 ana ndi achinyamata 58 miliyoni pa dziko lonse anali ndi vuto limeneli. Ambiri a iwo ndi ana ofatsa aja amene timawayamikira kuti savuta.

Chachiwiri: mlungu umodzi wongoyang'ana

Tengani kope lakale. Nthawi iliyonse mantha akabwera lembani zinthu zinayi: zinachitika liti ndi kuti, mwana ananena chiyani, anachita chiyani, ndipo inu munachita chiyani. Chachinayichi n'chimene ambiri amachisiya, pamene n'chofunika kwambiri. M'kope lathu tinapeza kuti mwana ankafunsa kuti "amayi, muli bwino?" koposa kakhumi madzulo amodzi, ndipo amake anali atasiya kupita kukwaya ndi kumaliro kuti mwana asalire.

Chachitatu: mufotokozereni chimene chikuchitika m'thupi mwake

Mwana wa nkhawa nthawi zambiri amaganiza kuti akufa kapena akupenga. Amafunika kumva kwa munthu wamkulu kuti chimene chikumuchitikira chili ndi dzina, ndipo ambiri chimawachitikira.

Ine ndinamuuza za galu. Ndinati, "Mwanawe, m'thupi mwa munthu aliyense muli galu wolondera. Wakuba akabwera amauwa, ndipo amachita bwino. Akauwa mtima umathamanga kuti magazi apite kumiyendo, mpweya umafulumira, m'mimba mumasiya kugaya chakudya, n'chifukwa chake mumapweteka. Koma galu wako anadzidzimuka tsiku lija amayi anadwala. Tsopano amauwa nkhuku, amauwa tsamba likagwa. Sitimupha galuyu, timuphunzitsa kusiyanitsa wakuba ndi nkhuku."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti, "Amayi aang'ono, inunso muli naye?" Ndinamuuza zoona, kuti wanga amauwa ndikamakwera basi ya usiku yopita ku Lusaka tikayandikira mapiri a ku Luangwa. Kuyambira pamenepo sitinanenenso kuti "ukuopa chiyani iwe". Tinkati "galu wayamba kuuwa?" Mawu amenewa amachotsa manyazi, chifukwa vuto lija silikhalanso mwanayo, limakhala chinthu chimene iye ndi inu mukulimbana nacho pamodzi.

Pomwepo mupatseni muyeso. Ziro ndi mtima uli zii, 10 ndi mantha aakulu amene anawamvapo chibadwire. Wamng'ono wosadziwa manambala agwiritse zala za dzanja limodzi. Yesani muyesowu pa zinthu wamba kaye: kuona chule ndi zingati? Kubayidwa jakisoni ndi zingati?

Chachinayi: kupuma

Mphunzitseni kukoka mpweya ndi mphuno akuwerenga mpaka 3, mimba ikufufuma, kenako kuutulutsa pakamwa pang'onopang'ono ngati akuuzira phala lotentha, akuwerenga mpaka 5. Achite kasanu, m'mawa ndi pogona, pa nthawi imene alibe mantha, kuti mantha akadzabwera thupi lidzakhale litadziwa kale. Kupuma kumathandiza, koma pakokha sikuchiza. Ndaona makolo akuima pomwepa chifukwa m'posavuta, kenako n'kumati njirayi yalephera.

Chachisanu: gwirani ganizo, mulifunse mafunso

Mawu akuti "usaope, palibe chichitike" tonse timawanena, ndipo amatonthoza mphindi zochepa chabe. Chofunika n'chakuti mwana aphunzire kudziyankha yekha. Yambani ndi kulitulutsa ganizolo poyera: "Galu akamauwa, amati chichitike n'chiyani?" Musaseke yankho lake, ngakhale likhale lodabwitsa chotani. Kenako funsani ngati munthu amene akufunadi kudziwa.

Madzulo ena tinakhala pakhonde ndi nyemba m'lichero. Ndinati, "Kuyambira giredi 1, wapita kusukulu masiku angati?" Anati sadziwa, ndi ambiri. Tinaika nyemba zodzaza manja awiri mbali imodzi. "Nanga pa masiku onsewa, amayi anadwala kangati iwe uli kusukulu?" Anatola nyemba imodzi n'kuiika payokha. "Ndipo tsiku limenelo anawathandiza ndani?" Anati amayi ogulitsa tomato pafupi nawo ndi amene anaitana galimoto. "Iwe ukanakhala pakhomo, ukanawaletsa kudwala?" Anakhala chete, kenako anapukusa mutu.

Mafunso ake ndi omwewo pa mantha alionse. Zinachitikapo kangati? Pali chinanso chimene chingachitike kupatula choipacho? Chitachitikadi, ungachite chiyani, ndipo angakuthandize ndani? Mnzako atakhala ndi ganizo limeneli ungamuuze chiyani?

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani ndi mtima wonse: musamulonjeze zabodza. Musati "amayi sadzadwalanso", chifukwa tsiku limene adzadwale chimfine, mwana sadzakukhulupiriraninso. Ganizo latsopano likhale loona ndi lalifupi, m'mawu a mwana mwini. Lathu analemba yekha pa kapepala: "Amayi amamwa mankhwala awo. Akadwala pali anthu owathandiza. Galu akuuwa nkhuku." Kapepalako kankakhala m'thumba la yunifolomu.

Kwa mwana wosakwana zaka 7 musataye nthawi yambiri apa. Mafunso otere amamulemera. Pitani msanga ku makwerero.

Chachisanu ndi chimodzi: makwerero

Apa m'pamene pagona mankhwala enieni. Mwana sasiya kuopa chifukwa chomva mawu okoma. Amasiya akakumana ndi chimene amachiopa, osathawa, n'kudzionera yekha kuti choipa chija sichinachitike, kapena kuti mantha aja anatha kuwapirira.

Jambulani makwerero papepala lalikulu, a masitepe 8 kapena 10. Pamwamba lembani chimene mukufuna mwana adzafikepo. Kenako inu ndi iye ganizirani tizinthu tating'ono tolowera komweko, iye azipereka nambala ya mantha pa chilichonse, muzindandalike kuyambira chochepa. Mwana akhale ndi mawu pa ntchitoyi. Makwerero omukonzera ena sawakwera ndi mtima wonse.

Athu anali otere. Pansi penipeni, amake kupita kwa aneba mphindi 10 iye atatsala ndi ambuya, anati ndi 2. Amake kupita kugolosale theka la ola, 3. Amake kupita kumsika wa Kapata maola awiri popanda kuwaimbira foni, 5. Kulowa m'kalasi ola limodzi amake atakhala panja pansi pa mtengo wa mango, 6. Kukhala mpaka buleki amake atabwerera kunyumba, 8. Tsiku lonse, kupita ndi kubwera ndi anzake, 10.

Yambani pa sitepe imene mwana waipatsa nambala 2 kapena 3. Musanayambe mufunseni kuti, "Ukuganiza kuti chichitike n'chiyani? Galu ali pa zingati?" Lembani. Ndiyeno chitani chimene munagwirizana, ndendende. Ngati munati mphindi 10, zikhale 10, osati 40 chifukwa mwapeza macheza okoma. Ndipo musazembe. Kuchoka mwakachetechete mwana akusewera kumaoneka ngati chifundo, koma kumamuphunzitsa kuti amayi angathe kusowa nthawi ina iliyonse, ndipo amayamba kuwalondalonda ngakhale kubafa. Tsanzikani mwachidule, nenani nthawi yobwerera, tembenukani muzipita.

Adzalira. Tsiku loyamba lija la mphindi 10, mwana anaima pampanda akulira mosisima, ambuya ake nawonso misozi ili lengelenge, akufuna kutuma mwana wina kuti akaitane amake. Ndinawagwira dzanja n'kunena kuti, "Amayi, tiyeni tidikire pang'ono chabe." Ndinakhala pansi pafupi ndi mwana, osamunyamula, osamukalipira. Mawu amene ndinabwereza ndi amene mlangizi anatiphunzitsa, ndipo ali ndi mbali ziwiri zosalekanitsika: "Ndikuona kuti ukuopa kwambiri, ndipo ndikudziwa kuti ukwanitsa." Mbali yoyamba yokha imamufooketsa mwana. Yachiwiri yokha imamveka ngati simukumumvetsa. Pa mphindi ya 6 kulira kunasanduka kufwenthera. Pa mphindi ya 8 anati galu watsika pa 7 kufika pa 4. Amake atatulukira pangodya, sanawathamangire n'komwe.

Onani kuti chimene anachipatsa 2 papepala chinafika pa 7 pochichita. Zimachitika kawirikawiri. Sikuti mwalakwitsa. Mantha amakwera kaye, amaima, kenako amatsika okha ngati mwana sanathawe. Choopsa n'kuleka pamene ali pamwamba, chifukwa mwana amatsala ndi phunziro lakuti anapulumuka chifukwa chothawa. Ngati mwaona kuti sitepe yakuladi, musaitaye. Iduleni pakati: mphindi 5 m'malo mwa 10, tsiku lomwelo.

Mukamaliza bwererani ku zimene munalemba. "Unati chichitike n'chiyani? Nanga chachitika n'chiyani?" Msiyeni ayankhe yekha. Bwerezani sitepe yomweyo tsiku ndi tsiku mpaka nambala yake itatsika kufika pa 2 kapena 3, kapena mwana atayamba kutopa nayo. Pamenepo kwerani ina. Kuchita kamodzi pa mlungu sikukwanira, mpata ukatalika mantha amaphukanso.

Pa nkhani ya sukulu musachedwe m'masitepe apansi. Tsiku lililonse limene mwana wajomba limakulitsa phiri, chifukwa pa mantha oyamba aja pamawonjezeka manyazi a kutsalira m'maphunziro ndi mafunso a anzake. Ife tinafika pakhomo la kalasi mlungu wachiwiri, ndipo tsiku lathunthu analikwanitsa mlungu wachisanu.

Yamikirani kuyesa, osati kusaopa. "Unaopa koma unakhalabe" ndi mawu amene mwana amawasunga. Mphatso zikhale zazing'ono ndi zachangu. Ife tinkaponya chitsekerero cha botolo m'chitini pa sitepe iliyonse imene wayesa. Zikakwana zisanu ankasankha: chitumbuwa, nthano ziwiri za ambuya m'malo mwa imodzi, kapena kukwezedwa panjinga ndi atate ake mpaka kumsewu waukulu. Ena amati uku n'kumugula mwana. Ine ndimati munthu amene wagwira ntchito yolemetsa amayenera kuthokozedwa.

Makwerero amagwira pa mantha amitundumitundu. Mwana woopa kulankhula m'kalasi ayambe kuwerenga mokweza pamaso pa mng'ono wake, kenako pa banja lonse, kenako akagule yekha mchere pakantemba, kenako ayankhe funso limodzi limene aphunzitsi anamuuziratu dzulo lake. Woopa agalu ayambe ndi chithunzi, kenako kuona kagalu komangidwa ali patali, n'kumasendera, pogwiritsa galu wofatsa amene mukumudziwa ndiponso wobayidwa katemera wa chiwewe. Woopa mayeso a giredi 7 alembe mapepala akale atakhala patebulo, wotchi ili patsogolo, kuti thupi lizolowere kugunda kwa mtima kuja. Woopa mdima muzichepetsa kuwala pang'onopang'ono, koma popita kuchimbudzi usiku tochi anyamulebe, chifukwa njoka ndi zinkhanira si nkhuku.

Chachisanu ndi chiwiri: akuluakulu asinthe nawo

M'nyumba zathu mwana saleredwa ndi anthu awiri okha. Ngati amake akukweza makwerero pamene ambuya akumubisa kuchipinda kuti asapite kusukulu, atate nawo akuopseza ndi lamba, palibe chimene chingayende. Khalani pansi nonse mwana kulibe, mugwirizane mawu amodzi. Ndi akuluakulu muyende mwaulemu. Ambuya athu sitinawauze kuti akulakwitsa. Tinawapatsa ntchito yosunga chitini cha zitsekerero, ndipo anakhala iwo olimbikira kuposa tonse.

Mkwapulo ndi kunyengerera zimaoneka zosiyana, koma zonse zimanenepetsa mantha. Mkwapulo umawonjezera choopa chachiwiri pa choyamba, ndipo mwana amangophunzira kubisa. Kunyengerera kumamuuza kuti zoonadi sangakwanitse. Katswiri wina wa ku yunivesite ya Yale ku America, Eli Lebowitz, anaonetsa kuti ngakhale mlangizi atamakumana ndi makolo okha, n'kuwaphunzitsa kuchepetsa zimene amachita pomutchinjiriza mwana ku mantha ake, ana ambiri amapeza bwino. Bwererani ku kope lija, sankhani chinthu chimodzi chokha, mumuuziretu mwana kuti chisintha. Amake anati, "Funso lakuti ndili bwino ndiziyankha kamodzi madzulo alionse. Ukafunsanso ndizikuuza kuti uwerenge kapepala kako." Masiku atatu oyamba anali owawa. Pofika mlungu wotsatira funsolo linali litachepa lokha. Amake anabwereranso kukwaya.

Tisiyenso kulera ndi zoopseza. "Ukalira akubaya jakisoni", "fisi akutenga", "ndikuitanira apolisi", "gule akubwera": mwana wina amaziseka, koma wa nkhawa amazimeza zonse. Nkhani za maliro, ufiti ndi ngozi za pamsewu musazikambe mwatsatanetsatane iye ali pomwepo akuoneka ngati sakumva. Akumva.

Kusukulu kaonaneni ndi aphunzitsi a kalasi lake ndi aphunzitsi a Guidance, olangiza ana aja. Apempheni zinthu zochepa zomveka: amulandire pakhomo la kalasi, asamufunse pagulu chifukwa chimene anajombera, ndipo akadandaula m'mimba amukhazike pambali mphindi zochepa apume, kenako abwerere pampando wake, osamutumiza kunyumba pokhapokha ngati thupi latentha kapena akusanza. Monga mphunzitsi ndikudziwa kuti makalasi athu ndi odzaza, makamaka chiyambire maphunziro aulere mu 2022, koma zitatu izi n'zotheka.

Pofunika kuthamangira kuchipatala

Ngati mwachita izi mokhulupirika milungu 6 kapena 8 popanda kusintha, funani thandizo. Musadikire n'komwe ngati mwana wasiya kudya ndipo akuwonda, sakugona usiku wonse, akukomoka, akudzivulaza, kapena wanenapo zofuna kufa, ngakhale kamodzi. Chimodzimodzi ngati manthawo anayamba atagwiriridwa, atamenyedwa koopsa kapena ataona imfa yoopsa ndi maso ake. Zotere zimafuna mlangizi wophunzira, musayese makwerero panokha.

Yambirani ku kiliniki yapafupi, mufotokoze zonse, osati za m'mimba zokha, ndipo kope lija mulinyamule. Pemphani kuti akutumizeni kwa oona za matenda a maganizo. Ku Chipata Central Hospital kuli gawo limeneli, ndipo chipatala chachikulu cha matendawa m'dziko muno ndi Chainama Hills ku Lusaka. Ambiri amachita manyazi akamva dzina la Chainama, ngati kuti kupita kumeneko ndi kuvomera misala. Lamulo la Mental Health Act la 2019 linabwera kudzateteza ulemu ndi ufulu wa anthu ofuna chithandizo chotere, ndipo mwana wa nkhawa si wamisala.

Mankhwala monga sertraline kapena fluoxetine amathandiza ana ena amene nkhawa yawo yakula kwambiri, koma alembedwe ndi dokotala amene azimuonanso mwanayo pafupipafupi, makamaka milungu yoyamba. Musamupatse mapiritsi ogonetsa ogula mwamseri kapena otsala a munthu wina. Pemphero la pabanja limalimbitsa mtima, ndipo ife tinkapemphera usiku uliwonse. Chimene ndikukana ndi kumuimika mwana wamantha pakati pa gulu, anthu akumukuwira kuti ali ndi chiwanda. Amachoka pamenepo akuopa ngakhale thupi lake lomwe.

Mantha akabweranso

Amabweranso, makamaka potsegulira sukulu mu Januwale, Meyi ndi Seputembala, kapena mwana akadwala n'kukhala pakhomo masiku angapo, kapena pakagwa maliro pafupi. Pepala la makwerero musalitaye. Kutatsala masiku atatu kuti sukulu itsegulidwe, yambani kumudzutsa nthawi ya sukulu, muyende naye mpaka pageti, amake achokepo maola angapo masana.

Itatha holide ya Disembala, mwana wa mkulu wanga anadzukanso ndi m'mimba tsiku lotsegulira. Tinatsika masitepe awiri: amake anamuperekeza, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango uja mpaka belu loyamba. Kapepala kake kanali katachapidwa limodzi ndi yunifolomu n'kusanduka phala m'thumba. Anang'amba tsamba kumapeto kwa kope la masamu, n'kulemba kena atatsamira khoma la kalasi. Lachitatu anapita ndi anzake.